Tsiku Limene Tinasesa Bwinja la Agogo

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ntchito imene ndinkaidziwa bwino kuposa zonse inali kusesa. Sindinali mwana wolankhula. M'kalasi aphunzitsi akandiloza, mawu ankandithawira m'mimba ngakhale yankho ndikulidziwa. Koma ndikagwira tsache ndinkasanduka munthu wina. Ndinkasesa bwalo mpaka mizere ya tsache kumaoneka ngati tsitsi lopesedwa bwino, kenako n'kuima pakhonde kudikira kuti wina wodutsa anene kuti, "Estere uyu ndiye mwana." Mawu amenewo ankanditsekemera kuposa nzimbe.

Ndinkakhala ndi amayi aakulu, mkulu wawo wa mayi anga, pa komboni ya esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Makwasa. Mayi anga ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Limbe ndipo ankabwera pa Khirisimasi pokha. Amayi aakulu, amene anthu ankawatchula kuti Anaphiri, anayamba kuthyola tiyi ali mtsikana. Nsonga za zala zawo zinali zakuda ndi zolimba, ndipo ngakhale atatula dengu ankayenda ngati likadali kumsana. Chaka chimenecho chinali chawo chomaliza. Mvula ikadzatha anayenera kupuma pa ntchito, kubweza nyumba ya kampani, n'kupita ku Thekerani kumene kunali abale athu.

Pakati pa minda ya tiyi, kumtunda kwa khwawa limene tinkatungako madzi mipope ikauma, panali katchire kamene sikanalimidwepo. Tiyi anakazungulira mbali zonse, wobiriwira, wometedwa mofanana ngati tebulo. Mkati mwake munali mkuyu waukulu, mitengo yakale ya mango imene inasiya kubereka, ndi mzere wa nkhadze. Anthu ankangoti Pamkuyu. Tikamadutsa pamenepo amayi aakulu ankadula nkhani imene akunena, n'kudzaipitiriza titatsika kukhwawa.

Tsiku lina tikuchokera kuchigayo anaima pang'ono, nayang'ana uku ndi uku, kenako analoza katchireko ndi mlomo.

"Agogo ako anabadwira apo. Mchombo wawo uli apo."

Anandiuza mwachidule, akuyenda. Pamenepo panali mudzi wa amayi awo. M'masiku a atsamunda anthu a m'mudzimo anatopa ndi thangata, ntchito imene ankawakakamiza kugwira kwa mwini esiteti ngati malipiro a malo amene makolo awo anali atakhalapo kale. Atakana, anawauza kuti achoke. Anamanga mitolo, nabereka ana, n'kutsetsereka kulowera kumapiri a ku Thekerani, kumene munthu amalima ataima chopendekera. Agogo anali kamtsikana. Ine sindinawaone, anamwalira ndisanabadwe.

"Koma usakanene kusukulu," anatero amayi aakulu. "Tikudya za kampani. Wogona m'nyumba ya mwini salozaloza."

Ndinamvera, monga ndinkachitira pa chilichonse.

Inali nthawi ya holide, masiku a chiperoni, pamene a kapitawo Mulimba analengeza nkhani pamalo oyezera masamba. Anati mvula ikayandikira katchire ka Pamkuyu kadzazulidwa kuti padzalidwe tiyi watsopano. Koma anatinso kukubwera kaye alendo ochokera ku yunivesite, anthu ofukula zakale. Iwo ankafuna kukonza njira yachikumbutso, yoti anthu aziyendamo potsata mmene anadzera anthu ochotsedwa m'minda ya tiyi, ndipo ankafunafuna mabwinja oti njirayo izidutsamo. Abwana a esiteti anali atavomera chinthu chimodzi: alendowo akapeza umboni woti pamenepo panalidi mudzi, malowo adzasiyidwa. Akapanda kupeza, thirakitala idzalowa.

Madzulo ake amayi aakulu anangolawa nyemba za kalongonda pang'ono n'kukankha mbale. Kenako anaitana amake Joji, mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene pakamwa pawo sipankatsekeka.

"Mwamva? Alendo akubwera kwathu."

Aka kanali koyamba kuwamva akutchula Pamkuyu kuti kwathu.

"Ndamva," anayankha amake Joji. "Ndiye?"

"Ndiye akapeze pali tchire ngati pa anthu opanda manja? Akawauza chiyani abwana? Adzati pano sipanakhalepo munthu. Tikalambule."

"Inu Anaphiri, ntchito ya mizimu akulemberani tikiti ya malipiro ndani? Ine msana wanga ndinaugulitsa kale ku kampani, wotsala ndi wogonera."

Ananena choncho, koma anabwera, ndipo anabwera ndi amayi ena angapo. Popeza ambiri pa komboni yathu ankapemphera Loweruka, tinapita Lamulungu m'mawa, nkhungu isanachoke pamwamba pa tiyi. Akuluakulu anatenga makasu ndi zikwanje. Ine ndinatenga tsache langa latsopano ndi dengu.

Mkati mwa katchireko munkanunkhira masamba owola ndi nkhuyu zakugwa. Amayi aja anadula zitsamba, napala udzu, ine ndikubwera m'mbuyo mwawo ndi tsache. Masamba atachoka, pansi panaoneka mapale. Anali ambiri. Ena ofiira, ena akuda ndi mwaye, ena okhala ndi timizere m'mphepete ngati munthu anakandapo ndi chipeso. Pena anaunjikana, pena anangomwazika. Ndinatola limodzi n'kuwaonetsa amayi aakulu.

"Awa nditani nawo?"

Anayang'ana phalelo, nkhope yawo n'kuchita ngati ya munthu amene mlendo wamupeza asanatsuke mbale.

"Tola onse. Alendo sawaonetsa zosweka. Angamati anthu ake anali auve."

Ndinatola. Ndinagwada n'kumatola limodzilimodzi, ena ndikuwazula ndi kamtengo pamene anamira m'dothi. Kumtunda, pansi pa mango paja, ndi kumene kunali ambiri, ndipo ndi kumene ndinasesa bwino koposa. Mumtima ndinkati alendowo akadzafika adzafunsa kuti mwana wasesa pano ndi wa yani.

Chakumunsi, pafupi ndi mkuyu, tsache langa linagunda mwala. Nditachotsa masamba ndi dothi la pamwamba ndinapeza miyala itatu yakuda, itakhala moyang'anana. Ndinawerama kuti ndinyamule umodzi.

"Siya!"

Amayi aakulu sankakalipa kawirikawiri, ndiye ndinadzidzimuka.

"Amenewo ndi mafuwa. Mafuwa a mwini sasuntha. Kaya mwini wake anapita liti, ndi ake ndithu. Sesa mozungulira."

Ndinasesa mozungulira, mosamala, ngati ndikusesa pafupi ndi mwana wogona.

Dengu litadzaza ndinafuna kukakhuthulira kukhwawa, popeza kunali pafupi. Amayi aakulu anakana. Anati kumadzi sataya zinyalala. Anaima pambali pa mafuwa aja, nayang'ana kumene dziko latsetserekera, nayang'ananso kumene mphepo imachokera.

"Khomo likanayang'ana uku, kumadzi. Ndiye kuseri ndi uko. Kataye uko."

Kunali pafupi ndi nkhadze, pamalo otukuka pang'ono. Ndinapita maulendo angapo. Dzuwa likufika pamutu, Pamkuyu panali mbee, mizere ya tsache langa ikuoneka kuyambira kumango mpaka kumkuyu.

"Apa ndiye pakhoza kuchitikira ukwati," anatero amake Joji akupukuta thukuta. "Anaphiri, pezani mwamuna msanga malo asanade."

Onse anaseka, ngakhale amayi aakulu amene.

Alendo anafika mkati mwa sabata. A kapitawo analola amayi aakulu kuti akawalonjere, ndipo ine ndinawatsatira nditasenza chigubu cha thobwa. Wotsogolera anali Mayi Nyirenda, mayi wamfupi wovala jombo ndi chipewa chachikulu, ndipo anali ndi ophunzira awo awiri. Tinamva pambuyo pake kuti anali atabwerapo kale mwezi wapitawo, naona mapale akusuzumira m'masamba, n'chifukwa chake anapempha abwana kuti adikire.

Atalowa pansi pa mitengo anaima. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi. Kenako Mayi Nyirenda anafunsa.

"Wasesa pano ndani?"

Nthawi imene ndinkaidikira inali itakwana. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinayankha munthu wamkulu asanandiloze.

"Ndine."

"Tinathandizana tonse, mayi," anawonjezera amayi aakulu monyadira. "Koma mwanayu ndiye anatola mapale onse. Sanasiye ndi limodzi lomwe."

Mayi Nyirenda anakhala pansi pa muzu wa mkuyu navula chipewa. Sanakalipe. Mwina akanakalipa zikanandipepukira. Analankhula pang'onopang'ono, akuyang'ana amayi aakulu.

"Amayi, ndikuona kuti munachita izi potilemekeza, ndipo ndathokoza. Koma ntchito yathu ndi yachilendo. Phale lili ngati mboni. Likakhala pamene linagwera limatiuza kuti apa panali nyumba, apo panali nkhokwe, apa anthu ankaphika. Likanyamulidwa n'kuikidwa pena, silinganenenso kumene linachokera. Wina akhoza kunena kuti munabwera nawo kuchokera ku komboni."

A kapitawo Mulimba anakanda m'mutu.

"Ndiye abwana ndikawauze chiyani?"

"Musawauze kanthu kaye," anatero Mayi Nyirenda.

Ndinayang'ana amayi aakulu. Anali atagwira kukamwa. Kenako anakhala pansi pa dothi limene ndinasesa lija, natambasula miyendo monga amakhalira amayi pamaliro.

"Ndathetsa mudzi wa amayi anga ndi tsache," anatero chapansipansi.

Chigubu chija chinandilemera pamutu, koma sindinadziwe poti ndichitule.

Mayi Nyirenda ndi amene ananditula. Anandifunsa dzina, nandipempha kuti ndikawaonetse kumene ndinataya mapale. Tinapita tonse ku nkhadze kuja. Ophunzira aja anagwada n'kuyamba kutembenuza mapale, akulankhulana motsitsa mawu. Mayi Nyirenda anayang'ana mulu uja, nayang'ananso kukhwawa.

"Estere, khwawa lili pafupi. Bwanji unavutika kusenza mpaka kuno?"

Ndinayang'ana amayi aakulu kuti andiyankhire, koma iwo anali atazolika.

"Ndikufunsa iwe, mwanawe. Usaope."

"Chifukwa kuno ndi kuseri."

"Kuseri kwa chiyani?"

"Kwa nyumba."

"Nyumba iti?"

"Ya eni mafuwa aja."

Anandiyang'anitsitsa. "Mafuwa ati?"

Ndinawatsogolera. Ulendo wawo woyamba sanawaone chifukwa anali atakwiririka ndi masamba. Atafika anagwada, osawakhudza, nafunsa ngati tinawasuntha. Ndinati ayi, mafuwa a mwini sasuntha. Anabwereza mawuwo okha, ngati akuwalawa.

"Miyala itatu payokha siikwanira," anauza amayi aakulu. "Alonda nawonso amasonkha moto m'tchire. Koma tili ndi poyambira. Tifunse nthaka, pano ndi kuseri kwanu kuja."

Ntchito yawo inali yochedwa kuposa iliyonse imene ndinaionapo. Anakhoma zikhomo, namanga zingwe, n'kumapala dothi pang'onopang'ono ndi tizitsulo tonga timene amisiri amasalazira pomanga nyumba. Dothi lililonse ankalisefa. Akapeza kanthu sankakatola msanga. Ankakasesa ndi kaburashi, kukajambula, kuyeza pamene kali, kenako n'kukanyamula. Ine ndinkapita tsiku lililonse ndikamaliza ntchito za pakhomo, ndipo Mayi Nyirenda anandipatsa sefa kuti ndizigwedeza. Amake Joji akamadutsa ndi dengu lawo ankaima m'mphepete mwa tiyi n'kukuwa.

"Sukulu yonse ija kuti muzidzakumba ndi supuni? Ndipatseni khasu ndikumalizireni lero lomwe!"

"Khasu lanu tinaliona kale ntchito yake, amayi," ankayankha mmodzi wa ophunzira aja, onse n'kuseka.

Amayi aakulu ankabwera akaweruka, n'kukhala patali. Tsiku lina Mayi Nyirenda anakakhala pambali pawo, akudya chinangwa chophika chimene tinawatengera. Amayi aakulu anafunsa ngati zochotsa anthu pamalo pawo zinachitika kwathu kuno kokha. Mayi Nyirenda anati ayi. Anati ku Amereka kuli mtundu wa anthu otchedwa Acheroki, amene anachotsedwa m'dziko la makolo awo n'kuyendetsedwa ulendo wautali kwambiri, ndipo ambiri anafera m'njira. Anati masiku ano zidzukulu zawo zimagwira ntchito limodzi ndi ofukula zakale, kufufuza pamene panali nyumba ndi mmene munadzera anthu, kuti ana awo aziyendamo n'kumakumbukira.

Amayi aakulu anaganiza kwa kanthawi.

"Ndiye kuti kuli anzathu," anatero. Sanafunsenso china.

Nthaka inayamba kuyankha kuseri kuja. Atachotsa mulu wa mapale anga n'kupala pansi pake, dothi lofiira linasanduka lotuwa. Linali phulusa, lochindikala, losakanikirana ndi timafupa, makala, mapale ena amene tsache langa silinawafike, ndi timikanda toyera. Kamodzi ndinakapeza ndine m'sefa, kakang'ono ngati njere ya mapira. Linali dzala la mudzi. Amayi aakulu anali atandituma kukataya zinyalala pamene amayi a m'mudzimo ankataya zawo.

Pa mafuwa paja anapeza pansi polimba, poziridwa bwino, monga mmene amazirira m'nyumba. Ndipo chapambali, pamene payenera kuti panali khoma, panayamba kuoneka chinthu chozungulira. Anachipala masana onse. Unali mphika wathunthu. Muzu unali utaung'amba mbali imodzi, koma unali pamalo pake, kukamwa kwake kuli pansi.

Amayi aakulu anaimirira pamene anakhala, nabwera mpaka pachingwe. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Anavundikira," anatero. "Munthu wochoka osabwerera savundikira mphika. Amavundikira kuti musalowe fumbi. Ameneyu ankati abweranso."

Kutali kunkamveka thirakitala yonyamula masamba ikupita kufakitale.

"Zikhoza kutero," anatero Mayi Nyirenda pomaliza. "Nthaka singatiuze za mumtima mwake. Ine ndilemba zimene taona, kuti tinaupeza uli chovundikira pambali pa mafuwa. Zinazo mwanena ndinu, ndipo ndikufuna ndilembe kuti ananena ndi Anaphiri, mwana wa munthu wobadwira pano. Koma ngati simukufuna dzina lanu lioneke, sindilemba."

A kapitawo Mulimba anali pomwepo. Ndinaona amayi aakulu akuwayang'ana, ndipo ndinadziwa zimene ankaganiza: nyumba ya kampani, ndi miyezi imene inatsala kuti apume bwinobwino. A kapitawo anayang'ana kumbali, ngati aona kanthu m'mitengo.

"Lembani," anatero amayi aakulu. "Ndatopa kuloza ndi mlomo."

Atatero anatambasula dzanja, chala chawo chakuda chija chili patsogolo.

"Apa ndi kwathu. Njira imene anadzera ndi iyo, yotsikira kukhwawa."

Abwana anasunga mawu awo, koma anawasunga mpaka pamene umboni unalekezera. Mbali ya kumunsi, kuyambira pa mkuyu ndi mafuwa mpaka ku nkhadze ndi dzala, inasiyidwa. Mbali ya kumtunda, pansi pa mango paja, pamene mapale anali ambiri ndipo ine ndinasesa bwino koposa, sipanapezeke choonetsa. Mayi Nyirenda anayesa kupempha, nakumbapo malo angapo, koma zimene zikanalankhula zinali zitapita m'dengu langa. Mvula itayandikira thirakitala inalowa, mango aja anagwa.

Tsiku limenelo ndinalira kuseri kwa nyumba. Amayi aakulu anandipeza, nakhala pansi pambali panga.

"Ukulira chiyani? Tsache linali m'manja mwako, koma manyazi anali anga. Ndine ndinachita manyazi ndi mbale zosweka za amayi anga. Iwe unangomvera."

Kenako anandigwira phewa.

"Kumvera n'kwabwino. Mafuwa aja alipo chifukwa unamvera. Koma tsiku lina uzidzafunsako kuti chifukwa chiyani. Ngakhale ine uzindifunsa."

Atapuma pa ntchito, katundu wawo anakwera lole, koma iwo anakana kukwera pa komboni. Anati lole ikawadikire kumsewu. Anadzera Pamkuyu, naima pa mafuwa kanthawi, kenako anatsika njira ya kukhwawa wapansi, ine ndili m'mbuyo ndi kathumba kawo. Sanatembenuke, koma sanadulenso nkhani imene ankanena.

Tsopano ndine wamkulu. Ndimaphunzitsa ana a sukulu ya mkaka kufupi ndi komboni yomweyo, ndipo manyazi sanandithere. Njira yachikumbutso ija ilipo, yopapatiza, yodutsa m'mphepete mwa tiyi, ndipo alendo akabwera nthawi zina amanditana kuti ndikawaperekeze. Mawu amandithawirabe m'mimba poyamba, koma ndikafika pa mafuwa amabwerera. Ndimawaonetsa pamene panali mphika, ndi dzala, ndiponso tiyi wa kumtunda uja, n'kuwauza kuti pamenepo panali mango ndi mapale ambiri, ndi mmene zinachokera. Mbali imeneyo sindiibisa.

Zimene ndikumvetsa tsopano n'zakuti ulemu umene tinaphunzitsidwa uli ndi mbali ziwiri. Ulemu womwewo unatiuza kuti tibise zosweka, ndipo ulemu womwewo unatiletsa kusuntha mafuwa a mwini. Woyamba unali woopa maso a alendo. Wachiwiri unali wolemekeza mayi amene sitinamuone, amene anavundikira mphika wake n'kutuluka. Anthu amene anachotsedwa pamalo pawo sasiya nyumba zokongola zoti zidzawachitire umboni. Amasiya phulusa, mapale ndi miyala yakuda, ndipo mdzukulu akachita nazo manyazi amakhala wawachotsanso kachiwiri.

Kusesa ndimakukondabe. Kukamabwera alendo ndimalawira m'mawa kukasesa njira yonse kuchokera kumsewu, mpaka mizere ioneke. Koma ndikafika pa nkhadze ndimatsamiritsa tsache pamenepo, n'kulowa chimanjamanja.